Kukafunsa za Makutu a Filesi ku Kabula

Ine ndinali telala. Makina anga ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Chiringa, koma kugona ndinkagona kwa Nazombe, kwao kwa mkazi wanga Filesi, pakuti ndinali mkamwini. Ulendo umene ndikunenawu tinauyenda patapita zaka ziwiri chichitikire njala yaikulu ija, mwana wathu woyamba, Rute, ali ndi miyezi isanu.

Rute atangobadwa, Filesi anadwala malungo aakulu. Anakhala masiku asanu ndi limodzi osazindikira munthu. Dresala, ndiye wothandiza odwala pachipatala chaching'ono cha mishoni, anatipatsa mapilisi a kwinini, ndipo atatha ine ndinapalasa njinga mpaka ku Migowi n'kukagula botolo lathunthu m'sitolo. Ndinkampatsa m'mawa, masana ndi madzulo. Malungo atatsika sindinaleke, chifukwa akati mutu ukuwawa kapena akuchita chizungulire, ine ndinkati matenda aja akubwerera, ndiye ndinkawonjezera. Botolo litatha ndinagula lina. Anthu a m'mudzi ankandiyamikira kuti mkamwini uyu amadziwa kusamala mkazi.

Za makutu tinazidziwa nthawi yososa m'munda. Filesi anagoneka mwana pansi pa mtengo wa mango n'kumalima chapafupi, atapereka msana. Linthumbu linamukwera mwanayo. Analira mpaka mayi wina wa munda wa kutsidya kwa khwawa anataya khasu n'kuthamangira komweko, n'kupeza Filesi akulimabe, mtunda wake wongoponya chibuma. Atamugwira paphewa, Filesi anadzidzimuka ngati wamuwona mzukwa. Tinayamba kukumbukira kuti kwa milungu yambiri ankayankha zosiyana ndi zomwe wafunsidwa, ife n'kumati ndi kufooka kwa matenda.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene sindikonda kuchinena. Filesi ali ndi pakati pa Rute, ndinabwera kunyumba ndi nsalu ya diresi la ukwati la kasitomala kuti ndimalize kupinda. Iye pofuna kundithandiza anaisita, simbi n'kuiwotcha pachifuwa penipeni. Ndinamuwomba khofi kukhutu la kumanzere. M'mawa mwake panali kadontho ka magazi pachitenje chomwe ankatsamira, ndipo amayi ake anakaona. Nthawi imeneyo mlandu sunakhalepo chifukwa Filesi anakana kulankhula. Koma makutu atatseka, khofi lija linadzuka.

Mchimwene wake wamkulu, a Namakhwa, ndi amene anali mwini mbumba. Anali munthu wosakonda mawu ambiri, mlimi wa fodya, wamtali ndi wowonda. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti ngati ndi dzanja langa lachita zimenezi, nditenge makina anga ndibwerere kwathu, mwana ndi wawo. Nanenso mumtima ndinkakhulupirira kuti ndi dzanja langa.

Dresala uja anamutsuka Filesi m'makutu ndi madzi ofunda, osatulukamo kanthu. Anati izi zamukulira, n'kulemba kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Kabula, kumene kunali dokotala wina woona za makutu Lachinayi lokha. A Namakhwa anati apita nawo, akadzimvere okha, asachite kuuzidwa ndi mwini mlandu.

Tinanyamuka Lolemba tambala atangosiya kulira. Filesi ndi mwana ndinawakweza panjinga, a Namakhwa akubwera pambuyo wapansi. Pa Chiringa ndinasiya njinga kusitolo kuja, n'kukhala pansi pa mkuyu kudikira basi. Masiku amenewo basi inkabwera ikafuna. Tinadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Wina anati yathyoka chitsulo chapansi, wina anati dalaivala wapita kumaliro. Mwini sitolo anatiuza kuti ngati tikufunadi kufika Lachinayi, tiyende wapansi mpaka ku Migowi, kumene malole a amalonda sasowa.

Tinauyamba wapansi dzuwa likuswa mtengo. Unali mwezi wa kutentha kuja mitengo ili mbee, fumbi lofika m'akakolo. A Namakhwa ankatsogola, ine pambuyo ndi kamtolo, Filesi pakati ndi mwana kumbuyo. Titayenda ndithu, kunabwera munthu panjinga atasenza matumba awiri a makala, akuliza belu. Ine ndinapatuka, a Namakhwa anapatuka, Filesi anangoyendabe pakati pa msewu. Munthuyo anakhotetsa njinga mwadzidzidzi, thumba limodzi n'kugwa. Atadzuka anatukwana n'kufunsa ngati mayiyo ndi gonthi. Aka kanali koyamba kumva mawu amenewa akunenedwa pa mkazi wanga. Filesi anamuyang'ana pakamwa munthuyo, kenako anatiyang'ana ife kuti timuuze chomwe wanena. Palibe anamuuza. Ndinathandiza kukweza thumbalo, tinapitirira.

Ku Migowi tinafika dzuwa litapendeka, miyendo ya Filesi itatupa. Tinagona kwa msuweni wa a Namakhwa, kuseri kwa msika. Lachiwiri m'mawa tinapeza lole ya Che Asani, wamalonda wachisilamu amene ankagula matemba a ku Chilwa ndi nandolo n'kukagulitsa ku Limbe. Anati tikwere pamwamba pa matumba, masheleni awiri munthu, mwana sawerengedwa. Anati tinyamuka posachedwa. Posachedwa pake panafika masana, chifukwa ankadikira ngolo ina ya nandolo, ndipo ngoloyo itafika anakangana nawo za sikelo. Atatha anasamba m'manja ndi m'mapazi n'kukapemphera. Ife tinali titakhala kale pamatumba, fungo la matemba litatilowa m'zovala, ntchentche zikuzungulira nkhope ya mwana.

Pamatumbapo tinalipo asanu ndi awiri, koma amene ndimamukumbukira ndi mkulu wina dzina lake a Jailosi, amene anamenya nawo nkhondo yaikulu kutsidya kwa nyanja. Ankapita ku Bangwe kukaona mwana wawo wamkazi. Anavala jekete la usilikali lothothoka mabatani, ndipo polankhula nawo ankatembenuza mutu kuti akupatseni khutu la kumanja. La kumanzere anati linafera kunkhondo komweko, mfuti yaikulu itaphulika pafupi nawo. Sanachedwe kuzindikira za Filesi. Anasuntha n'kukhala moyang'anizana naye, namufunsa pang'onopang'ono, pakamwa poyasamula bwino, kuti mwanayo dzina lake ndani. Filesi anayankha molondola. Anamufunsanso ngati mwanayo wafanana ndi bambo ake kapena anachita mwayi. Filesi anaseka. Panali patatha miyezi ndisanamve kuseka kwake, ndipo kunandipweteka kuti wamuseketsa ndi mlendo wa pa lole.

A Jailosi ananditembenukira n'kundiuza kuti ndisamamufuulire ndili kumbuyo kwake, ndiziima kutsogolo, aziona pakamwa. Anati munthu wosamva chimamutopetsa kwambiri si chete, koma nkhope za anthu zokwiya pamene iye sakudziwa chomwe walakwa. Kenako anafunsa kuti chinayambitsa n'chiyani.

"N'zimene tikukafunsa," anatero a Namakhwa, maso ali pamanja anga.

Ndinabisa manja pansi pa kamtolo.

Titadutsa pa Phalombe, phiri la Michesi litatsala kumbuyo, kumwamba kunada. Chizimalupsa chinatipeza pachigwa, pamene palibe ngakhale mtengo wobisalapo. Che Asani anaimitsa lole n'kutambasula lona, koma lonalo linali la matemba, osati la anthu. Tinalowetsa mitu m'mphepete mwake, misana ikunyowa. Mvula sinagwe nthawi yaitali, koma dothi la makande limangofuna pang'ono. Lole inayenda mwina mtunda wa mailo imodzi ikuvina uku ndi uku, kenako pokwera kachitunda mateyala akumbuyo anamira mpaka pachitsulo.

Tinatsika tonse. Amuna tinatsitsa matumba, kudula nthambi, kutola miyala. Matope a makande amagwira phazi ngati ali ndi mlandu nawe. Tinakankha kanayi, lole ikungolira n'kumatiwaza matope kumaso. Kachisanu inatuluka, n'kukwera pang'ono, injini n'kuzima. Che Asani anakuwa kuti aliyense achoke kumbuyo, lole ikubwerera. Onse anathawira m'mbali. Filesi anali ataima m'munsi mwa kachitundako, atawerama, akupukuta mwana kumaso. Ndinathamanga n'kumugwira mkono mwamphamvu kumukokera kutchire. Lole inabwerera pang'ono pokha n'kuima pamwala, sikanamufika n'komwe. Koma pamene ndinamugwira, Filesi anakweza mkono winawo n'kutchinga kumaso, mutu atauweramitsa, kudikira khofi.

Ndinamusiya. Anatsitsa mkono pang'onopang'ono, nayang'ana lole, nazindikira, nachita manyazi. A Namakhwa anali ataima chapafupi, nthambi ili m'manja. Anaona zonse. Anangopita kukayala nthambiyo pansi pa teyala. Ine ndikanakonda akanandimenya nayo.

Pamene tinkamaliza kukweza matumba dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa. Tinafika pa mtsinje wa Thuchila n'kupeza madzi a kuphiri atasefukira pamwamba pa powolokera, akuthamanga ndi zitsa ndi nthochi zozuka. Kutsidya kunali lole ina, nayonso ikudikira. Che Asani anayang'ana madziwo n'kunena kuti galimoto yake si bwato. Tinagona pakhonde la kasitolo kena ka pafupi, mwini wake atatibwereka mphasa ziwiri.

Lachitatu kunacha madzi asanatsike kwenikweni. Filesi anadzuka akunjenjemera chifukwa cha zovala zonyowa zija. Ndinatulutsa botolo la kwinini m'thumba la jekete n'kumupatsa mapilisi awiri, ndipo a Namakhwa ndi amene anakapempha madzi m'chikho kuti amwere. Filesi ankachita tsinya pomeza, koma anali atazolowera.

Tinakhala m'mphepete mwa mtsinje kuyang'ana kamtengo kamene Che Asani anazika kuti tizionera kutsika kwa madzi. Palibe chinthu chochedwa ngati mtsinje umene ukuudikira. Amayi ena anayamba kugulitsa chinangwa chophika, anthu a mbali zonse ziwiri akufuulirana nkhani pamwamba pa mkokomo wa madzi. Che Asani anayanika matemba onyowa palona n'kumathamangitsa akhwangwala. Ine ndinkawerenga maola. Tikaphonya Lachinayi ili ndiye kuti sabata yathunthu ku Kabula, kopanda wachibale. Komanso, kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inkapempha kuti mtsinjewo usatsike. Ndinaganizako zongolowa m'tchire, kuzungulira phiri, kukatulukira kwa Apwitikizi kumene kunachokera makolo anga, kumene palibe akanandifunsa za khutu la munthu.

A Namakhwa anabwera n'kukhala pamwala pafupi nane. Anapichira fodya wawo, nayatsa. Kenako anandifunsa kuti ndiwauze zoona, pano popanda akuluakulu, ngati linali khofi limodzi lokha. Ndinati limodzi, ndipo ndinalumbira. Anati dzulo mlongo wawo sanatchinge kumaso ngati munthu womenyedwa kamodzi. Ndinati nanenso ndinaona, ndipo sindikudziwa choti ndinene, koma linali limodzi.

"Mwina n'zoona," anatero. "Mphika sufuna kugwa kawiri. Ine sindikudani, alamu. Koma mzungu akakanena kuti ndi inu, musadzandipemphe kuti ndikabise."

Ndinati sindidzawapempha.

Madzi anatsika dzuwa litadutsa pakati. Amuna tinawoloka wapansi titagwirana manja, madzi ofika m'chiuno, kufufuza ndi mapazi ngati pansi sipanakokoloke. Lole inawoloka ikutsokomola, Filesi ndi mwana ali kutsogolo ndi Che Asani, amene anawakomera mtima. Kuchokera apo msewu unali wolimba. Tinadutsa minda ya tiyi, tinalowa msewu wa Midima, ndipo teyala linaphulika kamodzi kokha. A Jailosi anatsika pa Bangwe. Potsanzika anaima kutsogolo kwa Filesi n'kumuuza kuti asaope zitsulo za madokotala, sizipweteka. Ku Limbe tinafika kukuda, ndipo Che Asani anatilola kugona m'nyumba yake yosungira katundu.

Lachinayi tinalawirira wapansi kupita ku Kabula. Za tauniyo sindikumbukira zambiri, maso anga anali pa Filesi ndi magalimoto. Pachipatala tinapeza mzere wautali kale. Titafika pazenera, ndinatulutsa kalata ya dresala n'kupeza kuti mvula ija inailowa, inki itayenderera. Kalaliki anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti iyi si kalata, ndi chisanza, tibwerere tikatenge ina. A Namakhwa, amene sindinawamvepo akuchonderera munthu, anavula chipewa n'kumufotokozera za lole, za matope, za Thuchila. Kalaliki anaitana wotsatira. Tinaima pambali osadziwa kolowera. Mwamwayi panadutsa bambo wina wovala zoyera, wothandizira dokotala wa makutu uja. Anaiyang'anitsa kalatayo padzuwa, nati mawu akuti makutu akuonekabe, natiuza kuti tikhale pabenchi. Tinakhala pabenchipo mpaka masana ndithu.

Dokotalayo anali mzungu wachikulire, wadazi, ali ndi kagalasi kozungulira pamphumi. Bambo wovala zoyera uja ndi amene ankamasulira. Anakhazika Filesi pampando, ine ndi a Namakhwa titaima kukhoma, mwana ali m'manja mwanga.

Poyamba anamusuzumira m'makutu ndi kachitsulo konga fanulo. Kumanja sanachedwe. Kumanzere anakhalitsa, n'kufunsa ngati khutu limeneli linavulalapo. Womasulira anaima kutsogolo kwa Filesi n'kumufunsa mokweza. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma Filesi ananditsogolera, ndi mawu okwera aja a munthu amene sadzimva yekha.

"Anandimenya khofi amuna anga. Ndili ndi pakati. Munatuluka magazi."

Womasulira anandiyang'ana, namasulira. Dokotala anandiyang'ananso kamphindi, nalemba papepala.

Kenako anatulutsa wotchi ya m'thumba n'kuiyandikiza kukhutu la kumanzere mpaka kuligunda. Filesi anapukusa mutu. Kumanjanso chimodzimodzi. Anauza womasulira kuti aime kumbuyo kwa Filesi, amutseke khutu limodzi ndi chala, azinena mawu, Filesi azibwereza. Ananong'ona, palibe. Analankhula wamba, palibe. Anakweza mawu pafupi ndi khutu la kumanja, Filesi anabwereza koma molakwika. A Namakhwa anati mwina Chinyanja chikumusokoneza, kwathu timalankhula Chilomwe. Dokotala anavomera kuti ayese iwo. Anawerama pakhutu la mlongo wawo n'kunena mokweza kuti mahi, ndiwo madzi. Filesi anati mahi. Anati empa, ndiyo nyumba. Filesi anati empa. Atabwerera m'mbuyo phazi limodzi lokha, Filesi anangokhala chete kudikira. Kumanzere sanamve ngakhale atafuulira m'khutu momwe.

Pomaliza dokotala anatenga kachitsulo ka mphanda ziwiri, nakamenya pabondo pake, kakulira ngati udzudzu. Anakaika pafupi ndi khutu, kenako tsinde lake pafupa la kuseri kwa khutu, kenako pamphumi. Nthawi iliyonse Filesi ankayenera kukweza dzanja akamva, ndi kulitsitsa kulirako kukatha. Anabwereza ndi tizitsulo titatu, kakang'ono ndi takulupo. Kakakulu kolira mobangula ankakamva pang'ono kumanja. Kakang'ono kolira mosongoka sanakamve paliponse, ngakhale pafupa.

Womasulira anatifotokozera kuti khutu lili ngati nyumba ya zipinda ziwiri. Pakhomo pali kachikopa konga ka ng'oma, ndipo mkati mwenimweni muli mtsempha wotengera mawu kumutu. Kachikopa kakabooka, munthu samva bwino mawu obwera ndi mphepo, koma ukamuika kachitsulo pafupa amamva bwino, chifukwa mawu alowera kuseri. Anati kachikopa ka kumanzere kwa Filesi kali ndi chipsera, kanang'ambikadi, ndipo mosakayika ndi khofi lija. Koma kanapola. Ndipo khofi la kumanzere silingatseke khutu la kumanja. Vuto lili m'kati, m'mitsempha, mbali zonse ziwiri.

Ndinayang'ana a Namakhwa kuti ndione ngati amva bwino.

Dokotala anayamba kufunsa zina. Anafunsa ngati kubanja kwawo kuli wina wosamva, ngati anadwalapo chikuku kapena matenda oumitsa khosi, ngati m'makutu munkatuluka mafinya. A Namakhwa anayankha zonse kuti ayi. Ndinafotokoza za malungo aja. Anafunsa Filesi ngati amamva phokoso m'mutu, ndipo iye anati nyenje zimalira m'makutu mwake usana ndi usiku, kuyambira sabata imene anadwala. Kenako dokotala anafunsa kuti anamwa mankhwala anji.

Apa ndinapita patsogolo mokondwa, chifukwa pano pokha ndi pamene ndinali ndi chabwino choonetsa. Ndinatulutsa botolo n'kuliika patebulo. Ndinati ndinagula ndekha, sanaphonyepo tsiku. Dokotala anafunsa kuti angati patsiku. Ndinanena. Anafunsa kuti kwa masiku angati. Ndinati kuyambira mwana ali ndi sabata imodzi mpaka dzulo m'mawa. Womasulira anandifunsanso kawiri, kuganiza kuti sanamve bwino.

Dokotala anaika cholembera pansi. Sanakalipe. Anatenga botololo, naliyang'ana, nalitsekera m'kabati ya tebulo lake. Analankhula nthawi yaitali, ndipo womasulira anadikira mpaka atamaliza. Anati kwinini ndi mankhwala abwino, ndipo mwina ndi amene anapulumutsa moyo wa mkazi wanga masiku oyamba aja. Koma amamwedwa masiku owerengeka. Akachuluka amaliza m'makutu, amachititsa chizungulire ndi mutu, ndipo akapitirira amaononga mtsempha wa kumva. Mutu ndi chizungulire zimene ine ndinkati ndi malungo, anali mankhwala omwewo. Anati malungo aakulu nawonso paokha amatha kuononga makutu, choncho sangalumbire kuti chinayamba n'chiti. Koma miyezi isanu ya mapilisi amenewa palibe khutu lingapirire. Asiye lero lomwe. Mwina kumva kwina kubwerera, mwina ayi. Tibwerenso pakatha miyezi itatu.

Sindikudziwa mmene tinatulukira. Tinangopezeka titaima pansi pa mtengo wa bulugama pafupi ndi mzere wa odwala, mwana akulira m'manja mwanga. A Namakhwa ankapotokola chipewa chawo. Anati ndiye kuti si dzanja. Ndinati si dzanja. Kenako anati dzulo pa Thuchila madzi omwera anakatunga ndi iwo.

Tinali tikulankhulana choncho awiriwiri pamene Filesi anatenga mwana m'manja mwanga n'kuima pakati pathu.

"Wati chiyani mzunguyo?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti m'chipinda muja anthu anayi tinakambirana za makutu ake kwa nthawi yonse ija, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anamuuza chomwe chapezeka. A Namakhwa anayang'ana kumbali. Ndinaima kutsogolo kwake n'kunena pang'onopang'ono, koma milomo yanga inkanjenjemera, sanathe kuiwerenga. Panalibe njira ina. Ndinaika pakamwa pakhutu lake la kumanja n'kufuula, anthu onse a pamzere akumva.

"Si khofi lija. Ndi mankhwala. Ndinakupatsa ochuluka. Ndakugonthetsa ndine."

Anthu anatembenuka. Mayi wina anasiya kuyamwitsa. Filesi anandiyang'ana, nkhope yake osasintha.

"Nenaninso."

Ndinafuulanso mawu omwewo, mokweza kuposa poyamba. Anati ndinenenso. Kachitatu mawu anga anasweka pakati, koma ndinamaliza. Anagwedeza mutu, namanga mwana kumbuyo, nayamba kuyenda kulowera ku Limbe. Ife tinamutsatira, wina mbali iyi wina mbali iyo.

Pobwerera tinakwera basi yodzera ku Mulanje, ndipo sitinavutike. Kumudzi a Namakhwa ananena zonse ziwiri pamaso pa akuluakulu, za chipsera ndi za botolo, osachotsa osawonjezera, ndipo ananenanso za chikho cha madzi chija. Za khofi anandigamula mbuzi. Za mankhwala anakambirana mpaka madzulo osapeza mlandu wake, popeza aliyense wa iwo anandiyamikirapo chifukwa cha mankhwala omwewo. Pomaliza anafunsa Filesi ngati ndikhale kapena ndipite. Anati ndikhale.

Nyenje zija zinachepa patapita milungu ingapo. Pofika nthawi yokolola, khutu la kumanja linali litatseguka moti ankamva munthu wolankhula mokweza ali naye pamphasa imodzi. La kumanzere silinabwerere. Ku Kabula sitinapitenso, chifukwa miyezi itatu ija inathera pakati pa dzinja, msewu utaduka, ndipo pambuyo pake Filesi anati zomwe ankafuna kudziwa anazidziwa.

Tinakhala limodzi mpaka tsitsi lathu tonse linayera. Za ulendowu sitinkakambirana. Koma tsiku lina, Rute ali kale ndi ana ake, tikusenda chinangwa pakhonde, ndinamukumbutsa za pansi pa bulugama paja, n'kunena kuti tsiku limenelo makutu ake anali otsekeka zedi, mpaka ndinachita kubwereza katatu. Filesi sanasiye kusenda.

"Ndinamva koyamba komwe," anatero.